Mwala Wonolera Lumo Nawonso Umafuna Kuwongoledwa

Lumo lometera ndevu, lija lopinda ngati mpeni wam'thumba, silinoledwa ngati mpeni wakukhitchini. Umaligoneka lonse pamwala, msana ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze, ndipo msanawo ndiwo umasunga kapendekekedwe kake kuti kasasinthe. Tsono mwala uliwonse umaperesedwa kwambiri pakati, pomwe chitsulo chimadutsa kawirikawiri. Mphero ikakumbika pakati amayi amakondwa, chifukwa mawere samwazika. Nolo wa lumo akakumbika choncho wawonongeka: lumo limangokhudza mwina ndi mwina, ndipo pometa limazula ndevu m'malo modula.

Vutoli ndi lakale ngati miyalayo. Pliny Wamkulu, mlembi wa ku Roma yemwe anamwalira m'chaka cha 79, analemba kale za miyala yonolera ndi mafuta ya ku Crete ndi yonolera ndi madzi ya ku Naxos. Ometa a ku Ulaya anadzakonda mwala wachikasu wotchedwa coticule, wokumbidwa kufupi ndi Vielsalm ku Belgium, womwe uli ndi timiyala tolimba ta garnet tosaoneka ndi maso. A ku Japan anali ndi miyala yofewerapo ya m'mapiri a ku Kyoto, a ku America yolimba gwa ya ku Arkansas. Onsewa, mwala ukakumbika, njira inali imodzi: mchenga, madzi, mwala wina waukulu kapena chitsulo chathyathyathya, ndi mkono wosatopa.

Apa pali msampha womwe ambiri amagwamo mpaka lero. Ukamakwecha miyala iwiri pamodzi, imafika pogwirana bwino lomwe, koma si kuti yawongoka. Umodzi umatha kukumbika, winawo n'kutumphuka, n'kumakwanirana ndithu. Joseph Whitworth, katswiri wa zitsulo wa ku Manchester, ndiye anafalitsa yankho lake, ndipo analifotokoza pamsonkhano wa asayansi ku Glasgow mu 1840. Pamafunika zinthu zitatu. Choyamba uchiyeze ndi chachiwiri, chachiwiri ndi chachitatu, chachitatu ndi choyamba, mosinthanasinthana, chifukwa zitatu sizingagwirane zonse pokhapokha zonse zili zowongoka. Iyeyo ankanena za zitsulo za m'mafakitale, koma nzeruyi imagwira ntchito pamiyala, ndipo ndimaiona kuti ndi yokongola kuposa chida chilichonse chogula. Munthu wopanda choyezera amapanga yekha choyezera chake.

Mchenga unali ndi malire. Miyala ya ku Arkansas ndi yamtundu umodzi ndi mchenga womwewo, choncho kukwechako kunkatenga nthawi yosaneneka. Zinasintha mu 1891, pamene Edward Acheson wa ku America, poyesa kupanga dayamondi, anatentha dongo ndi makala pogwiritsa ntchito magetsi n'kupeza timibulu tolimba zedi ta silicon carbide, timene anatitcha carborundum. Mu 1921 kampani ya 3M inayamba kugulitsa sandipepa yosasungunuka m'madzi. Chinatsala ndi pokwechera powongoka koma potsika mtengo, ndipo chinabwera mu 1959, pamene kampani ya Pilkington ku England inalengeza njira yopangira galasi poliyandamitsa pa chitsulo cha tini chosungunuka. Galasi lamawindo lomwe timagula masiku ano limapangidwa motero, n'chifukwa chake ndi lathyathyathya mbali zonse.

Ineyo njira imeneyi ndiyo ndimaidalira. Ndimatenga chidutswa cha galasi lochindikala, n'kuwazapo ufa wa carborundum ndi timadzi pang'ono. Pamwala ndimajambula mizere yopingasana ndi pensulo. Ndikakwecha pang'ono, mizere ya m'mphepete imafufutika, yapakati n'kutsala, ndipo pamenepo ndi pomwe dzenje limaonekera poyera. Phokoso limayamba lokhakhala, kenako limafewa pamene ufawo ukuphwanyika. Galasilo nalonso limaperesedwa, choncho uyenera kuyendetsa mwala paliponse, osangoti pakati, ndipo likatha ulisinthe osalimvera chisoni. Sandipepa yonyowa yomatidwa pagalasi ndi yaukhondo kuposa ufa, koma imatha msanga, ndipo ikatumphuka imadya m'mphepete mwa mwala.

Dayamondi imene Acheson anailephera inadzapangidwa mu 1954 ndi Tracy Hall ku kampani ya General Electric. Kuchokera apo kunabadwa timbale tachitsulo tomatidwa fumbi la dayamondi. Kampani ya DMT ya ku Massachusetts inayamba mu 1976, ndipo ku Japan amapanga totchedwa Atoma, tomwe dayamondi yake imaikidwa m'timilumilu kuti mbale isakakamire pamwala wonyowa. Pa miyala yofewa yonolera ndi madzi, palibe chopambana mbale yotere. Umaikwecha pansi pa mpopi wotsegula, ntchito n'kutha usanatope. Komabe ndi yodula, ndipo mwala wolimba wa ku Arkansas umaibunthitsa msanga. Amene ali ndi nolo mmodzi yekha sindingamulangize kuigula. Palinso timiyala tamizere togulitsidwa kuti ndi towongolera. Timeneti sindimatikhulupirira, chifukwa nato timakumbika mwakachetechete n'kumapatsira mwala wako kupindika kwake.

Chimandimvetsa chisoni n'chakuti zambiri mwa zida zabwinozi zinafika ntchito ya onola malumo itayamba kale kuzilala. King Gillette anagulitsa malezala otaya 168 okha mu 1903, koma pofika nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse asilikali a ku America ankapatsidwa zometera zake, ndipo atabwerera kwawo anapitiriza kumeta ndi lezala lotaya. Migodi yambiri ya ku Vielsalm ndi ku Kyoto inatsekedwa. Miyala yomwe inatsala m'madirowa a ometa akale nthawi zambiri imapezeka yokumbika ndithu, ndipo woigula lero amayamba ndi ufa wokhakhala, kenako wosalala, n'kumaliza ndi kusalaza ngodya zonse zinayi kuti zisabenthule lumo.