Lamulo la mfuti ku South Africa ndi milandu yolitsutsa

Lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2004, ndilo limayendetsa kagulidwe, kagulitsidwe ndi kasungidwe ka mfuti m'dziko la South Africa. Wogula mfuti, ngakhale kwa mnzake, amayenera kupeza laisensi ya mfutiyo kupolisi. Laisensi ya mfuti yodzitetezera imatha pakapita zaka 5, ndipo pempho loiwonjezera nthawi liyenera kuperekedwa kutatsala masiku osachepera 90.

Bungwe la alenje la South African Hunters and Game Conservation Association linakasuma kukhoti potsutsa ndime 24 ndi 28 za lamuloli, zokhudza kutha kwa laisensi. Mu 2017 bwalo lalikulu la ku Pretoria linagwirizana ndi bungweli, koma pa 7 June 2018 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa chigamulocho. Woweruza Johan Froneman ananena kuti kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe, koma mwayi umene malamulo amauikira malire.

Mu 2022, pamlandu wa kampani ya alonda ya Fidelity, bwalo lomwelo linagamula kuti munthu amene laisensi yake inatha angathe kupempha yatsopano ya mfuti yomweyo.