Mayi Armenia ndi Buku Logawidwa Pakati

Omvera nonse, amene mumawerenga Buku Lopatulika mulidziwa phiri la Ararat, pamene padaima chingalawa cha Nowa. Kutsidya kwa chigwa cha phiri limenelo kuli mzinda wa Yerevan, likulu la dziko la Armenia. Phirilo lero lili m'dziko la Turkey, koma kukacha bwino anthu a mu Yerevan amaliona ali pakhomo pao. Mzindawu ngwakale ndithu, pakuti linga lake loyamba, la Erebuni, lidamangidwa m'chaka cha 782 Yesu asanabadwe.

Pa chitunda cha pamwamba pa mzinda paimirira chifanizo cha mkuwa, chotalika mamita 22, cha munthu wamkazi wogwira lupanga. Amachitcha Mayi Armenia. Pamalo pomwepo padaali chifanizo cha Stalin; adachichotsa mu 1962, ndipo mu 1967 adaimikapo mayiyu. Lupanga limuyenera, koma ine poona mbiri ya mtunduwu ndiganiza kuti wosula uja akadalondola koposa akadamberekesa katundu kumsana.

Chifukwa chake nachi. Mukatsika chitunda chija mufika ku Matenadaran, nyumba yosungiramo mabuku akale olembedwa pamanja. Buku lalikulu koposa m'menemo ndi la maulaliki, lolembedwa cha m'ma 1200 pa zikopa za ana a ng'ombe, masamba ngati 600. Kulemera kwake ndi makilogalamu 28, kuposa theka la thumba la chimanga. Kale linkasungidwa m'nyumba ya amonke pafupi ndi mudzi wa Mush.

Tsono m'chaka cha 1915 boma la Ottoman lidayamba kupulula Aarmeniya okhala m'dziko lake. Amuna ambiri adaphedwa, akazi ndi ana adawakusira ku chipululu cha Syria wapansi, ndipo anthu oposa miliyoni adaonongeka. M'chipwirikiti chimenecho amayi awiri othawa adalipeza buku lija m'bwinja. Kulisenza lathunthu sikudatheke, kulisiya mtima udakana. Choncho adaligawa pakati, wina theka, winanso theka. Taganizani, omvera: munthu wanjala, wothawa imfa, nasenza zikopa zolemera m'malo mwa ufa. Mmodzi adafika nalo gawo lake ku Etchmiadzin, likulu la mpingo wao. Mnzakeyo adakwirira lake pabwalo la tchalitchi ku Erzurum, ndipo iye sadafike. Pambuyo pake gawolo lidapezeka, ndipo lero magawo awiriwo ali pamodzi. Akufa a 1915 amawakumbukira pa chitunda china cha mzindawu, cha Tsitsernakaberd, kumene moto suzima, ndipo pa 24 April anthu amakwerako ndi maluwa.

Musayese kuti mkazi wotere adaali ndi mau pamudzi. Mwa mwambo wakale, mkwatibwi akalowa m'banja la mwamuna wake ankafunda pakamwa ndi nsalu, osalankhula ndi apongozi kapena alamu aakulu, mwina kwa zaka. Ankangokodola ndi manja kapena kutuma mwana. Ife timadziwa kupewa apongozi, koma kumeneko kudaposa. Komabe m'chaka cha 1919, pamene maiko ambiri a ku Ulaya adaali asanalole, akazi a ku Armenia adaponya voti, ndipo atatu adalowa m'nyumba ya malamulo.

Monga mlangizi sindingaleke za chakudya. Buledi wao, wopyapyala ngati nsalu, amutcha lavash. Amaphika ndi akazi, atatu kapena anai pamodzi: wina ayala mtanda, wina autambasula pa khushoni, wina aumata ku chipupa cha ng'anjo yadothi yokumba pansi. Akauma amasungika miyezi ingapo, ndipo pofuna kudya amangowaza madzi. Imeneyi ndiyo nkhokwe yao ya nyengo yachisanu.

Chiyambire ufulu wa dzikolo mu 1991, amuna ambiri a m'midzi akhala akupita ku Russia kukafuna ntchito, monga makolo athu ankapitira ku Joni. Minda ya tirigu, mphesa ndi mbatatesi imatsalira amayi. Chikhalirecho mabanja ambiri adakondabe mwana wamwamuna, kotero kuti cha m'ma 2000, chifukwa chochotsa mimba za ana aakazi, pa atsikana 100 obadwa pankabadwa anyamata oposa 115. Mu 2016 boma lidaika lamulo loletsa kuchotsa mimba pa chifukwa chimenechi, ndipo kusiyanako kwachepako tsopano.