Manda Amene Anamira m'Kariba

Kodi mudziwa kuti pansi pa nyanja ya Kariba pali manda? Kwa mibadwo yambiri, Atonga a m'cigwa ca Gwembe anali kulima m'mbali mwa Zambezi kawiri pa caka: m'dzinja, ndiponso madzi osefukira akaphwa. Makolo ao anali kuwaika pafupi ndi midzi yomweyo.

Mu 1955 boma la Federation linayamba nchito yomanga damu, kuti magetsi afike ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Southern Rhodesia. Anthu pafupifupi 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija anasamutsidwa. Ena anakana kusiya minda ndi manda ao, ndipo mu September 1958 apolisi anapha anthu 8 pa mudzi wa Chisamu, kwa Mfumu Chipepo. Mu December khoma linatsekedwa, madzi nakwera, namiza zonse.

Lero, mwa lamulo la 2011, wofuna kupatutsa madzi a mtsinje kuti athirire munda waukulu ayenera kutenga cilolezo ku WARMA. Koma pepala silidziwa pamene anagona agogo anu. Pemphani akulu akuonetseni malowo, ndipo muwalembe, madzi asanagawidwe.