Gitala yamphako ndi kukuwa kwa sipika: vuto lakale

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero tikambirane za phokoso lija limatitseketsa makutu pa maukwati, pa misonkhano ya makwaya ndi pa variety show kuno ku Mwanza. Woimba akangokweza gitala yake yamphako pa ampulifaya, sipika imakuwa kuti tswiii, anthu n'kumati waya wafa. Si waya ayi. Pachingerezi phokosoli amati feedback, ndipo maonekedwe a magitala ambiri amene tikuwaona lero anabadwa pofuna kuthana nalo.

Amene munkatchera khutu pa phunziro la mafunde a mawu simuvutika apa. Nsambo ikanjenjemera, kachipangizo ka maginito kotchedwa pickup kamasandutsa kunjenjemerako kukhala magetsi, ampulifaya imakuza, sipika imakankha mpweya. Mpweyawo umabwerera kudzagunda thabwa lopyapyala la pamwamba pa gitala, thabwalo limagwedezanso nsambo, basi ulendo wayambiranso, ndipo ukamabwereza umanka nukula. Gitala yamphako anaipanga dala kuti izinjenjemera msanga. Chimene chimaikometsa poimba pakhonde ndi chomwecho chimaivutitsa pa siteji.

Mu 1936 kampani ya Gibson ku America inatulutsa ES-150, gitala yamphako yokhala ndi pickup, imene inatchuka ndi Charlie Christian. Masiku amenewo maampulifaya anali aang'ono, vuto silinali lalikulu kwenikweni. Koma oimba ankafuna kumveka pakati pa malipenga ndi ng'oma, ndiye akamakweza mawu, kukuwa nakonso kumakwera.

Cha m'ma 1940 Les Paul anachita chinthu chimene kalipentala aliyense wa pa boma angachimvetse. Anatenga chipika cha mtengo wa paini, n'kumangirirapo khosi la gitala, nsambo ndi pickup. Poona kuti anthu akuchidabwa, anadula gitala yamphako ya Epiphone pakati n'kumata zidutswa ziwirizo m'mbali mwa chipikacho kuti chizioneka ngati gitala. Anachitcha The Log. Chipika sichigwedezeka ndi mpweya, choncho kukuwa kunachepa. A Gibson poyamba anachikana, mpaka Leo Fender atayamba kugulitsa magitala a thabwa logwirana mu 1950. Pofika 1952 nawonso anatulutsa yawo, dzina lake Les Paul yemwe uja.

Komabe oimba ambiri sanafune kutaya mawu onona a gitala yamphako. Mu 1958 Gibson inapanga ES-335, ya mphako m'mbali zonse ziwiri koma chipika chodutsa pakati, nzeru ya The Log ija itavala suti. Kampani ya Gretsch, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, inatseka mabowo pa magitala ena n'kungowajambula ndi penti. Koma amene ndimamukonda ine ndi B.B. King, chifukwa njira yake inali ya mmphawi: ankangotenga nsalu n'kuzinyika m'mabowo. Pambuyo pake Gibson inayamba kumupangira gitala yake ija Lucille yopanda mabowo n'komwe. Ndiye mukaona mnyamata wa kwaya akukankhira siponji ya matiresi akale m'gitala, musamuseke.

Kenaka oimba rock anatembenuza nkhani. Mu 1964 a Beatles anayamba nyimbo yawo I Feel Fine ndi feedback yochita kufuna, kuchokera pa gitala yamphako ya John Lennon imene anaitsamiritsa pa ampulifaya. Jimi Hendrix, ngakhale ankaimba ya thabwa logwirana, anaonetsa ku Monterey mu 1967 kuti kukuwako ungakuwongolere posintha pamene waima ndi kumene wayang'anitsa gitala. Moto umenewu unafika kwa anansi athu ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, m'nyimbo zimene lero amati Zamrock. Paul Ngozi wa ku Lusaka, amene ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, anatulutsa chimbale cha Day of Judgement ndi gulu lake la Ngozi Family mu 1976. Mverani gitala yake mmene ikukalipira. Mawu amene injiniya angati ndi owonongeka, iye anawasandutsa chida.

Kuno kwathu vuto linali lina: kumveka patali popanda magetsi. N'chifukwa chake amisiri athu ankakuza mphako m'malo moitseka. Mabanjo a zigubu za mafuta, ndi babatoni ya nsambo imodzi imene Madalitso Band yayenda nayo mpaka ku Ulaya, zonsezi zimadalira bokosi lonjenjemera. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene Gerhard Kubik anayamba kujambula nyimbo zake mu 1967, ankachotsa nsambo imodzi n'kumaimba ndi zisanu zokha. Sitinaopepo kusintha gitala. Zimene zasintha n'zakuti magetsi ndi maampulifaya otchipa afika m'matchalitchi ndi m'masukulu, ndipo mabokosi amene anapangidwa kuti aziimba okha tawalumikiza ku masipika akuluakulu. Tagwa m'vuto lomwe lija la m'ma 1940.

Chimandiwawa n'chakuti ena amafulumira kuboola kapena kumata zinthu m'kati, chonsecho gitala imodzi ndi madengu ambirimbiri a manachesi. Ine ndimati yambani ndi zimene mungazibweze. Woimba asayang'anitse gitala ku sipika, ndipo atalikirane nayo. Chepetsani mawu a besi pa ampulifaya, pakuti mphako imayankha msanga ku mawu otsika. Zikakanika, tsekani mabowo ndi siponji kapena labala. Kuika kamtengo kolumikiza thabwa la pamwamba ndi la pansi, pafupi ndi pamene nsambo zimatsamira, kumathandizadi, koma imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Ndipo mvetserani bwino kulirako. Kukakhala kwa huuu, vuto ndi thupi la gitala. Kukakhala kosongoka, kosaleka ngakhale mutagwira nsambo zonse ndi dzanja, ndiye kuti timawaya ta m'kati mwa pickup tikugwedezeka, ndipo siponji sithandiza. Amisiri amachotsa pickup n'kuiviika mu phula losungunula kuti timawayato tigwirane.