Magazi akaundana m'mitsempha ya khanda: zizindikiro ndi chithandizo

Mukadzicheka, magazi amaundana kuti bala litseke. Vuto limabwera pamene aundana m'kati mwa mtsempha n'kutseka njira. Vutoli silichitika kawirikawiri, koma mwa ana onse, makanda osakwana masiku 28 ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, makamaka ogonekedwa m'chipatala. Chithandizo chikachedwa, impso, ubongo, dzanja kapena mwendo wa mwana ukhoza kuwonongeka.

Zimayamba bwanji?

Khanda limakhala ndi mitsempha ing'onoing'ono, ndipo mapuloteni oletsa magazi kuundana, monga protein C, protein S ndi antithrombin, amakhala ochepa m'thupi mwake. Nthawi zambiri magazi amaundana pa kapaipi kamene madokotala amalowetsa m'mtsempha waukulu, kawirikawiri kudzera pamchombo, kuti mwana wodwala alandire madzi, chakudya ndi mankhwala. Kapaipika kamapulumutsa moyo, choncho musakakane. Achipatala amakayang'anira n'kukachotsa ntchito yake ikatha.

Chiopsezo chimakulanso ngati mwana wabadwa sabata 37 zisanakwane, anabanika pobadwa, ali ndi matenda a m'magazi kapena a mtima, watha madzi m'thupi, kapena mayi ake ali ndi shuga. Ana ena ochepa amachita kutengera kumtundu.

Zizindikiro zoyenera kuthamangira kuchipatala

Zimadalira malo amene mtsempha watsekeka. Ngati ndi m'dzanja kapena m'mwendo, chiwalocho chimatupa, kuzizira, kutuwa kapena kuda kusiyana ndi chinzake. Ngati ndi mu impso, mkodzo umaoneka wamagazi kapena umachepa, ndipo pamimba pamamveka chotupa. Ngati ndi mu ubongo, mwana amakomoka, kunjenjemera mbali imodzi, kugona mopitirira muyeso kapena kukana bere. Kubanika ndi mawanga akuda ofalikira msanga pakhungu nakonso n'koopsa.

Mukaona chimodzi mwa izi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Musasisite chiwalocho, musachithowe ndi madzi otentha, musateme mphini, ndipo musam'patse mwana asipirini kapena mankhwala azitsamba. Ngati muli kale m'wodi, itanani namwino. Chipatala chaching'ono chikhoza kukutumizani ku chipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu.

Madokotala amathandiza bwanji?

Amayamba ndi kupima magazi ndi kuunika mitsempha ndi sikani. Amaunikanso m'mutu kuti aone ngati mwana sakutaya magazi mu ubongo, chifukwa mankhwala a vutoli amatha kuwonjezera kutaya magazi.

Magazi oundanawo akakhala ochepa ndipo sakuopseza chiwalo, dokotala akhoza kungochotsa kapaipi, kuchiza matenda oyambitsa n'kumabwereza sikani, popeza thupi limatha kuwasungunula lokha. Akakhala ochuluka kapena akukula, mwana amapatsidwa heparin kudzera m'diripi, kapena enoxaparin, jakisoni wa pansi pa khungu wobaya kawiri pa tsiku. Mankhwalawa amaletsa kuundana kupitirira pamene thupi likusungunula magazi akalewo, ndipo nthawi zambiri amaperekedwa kwa sabata 6 mpaka miyezi 3. Mankhwala amphamvu osungunula magazi, monga alteplase, kapena opaleshoni, amasungidwira mwana amene moyo kapena chiwalo chake chili pangozi.

Mukabwerera kunyumba

Musadumphe jakisoni kapena tsiku lokapimitsa magazi, pakuti mlingo umasintha mwana akamakula. Mukaona magazi pamchombo, mumkodzo kapena m'chimbudzi, bwererani msanga. Yamwitsani kosachepera ka 8 usana ndi usiku kuti mwana asathe madzi m'thupi. Ngati ubongo kapena impso zinakhudzidwa, madokotala adzafuna kutsatira kakulidwe ka mwana ndi kathamangidwe ka magazi ake, choncho sungani bwino buku lake lachipatala. Uzaninso dokotala ngati kumtundu kwanu wina anadwalapo vutoli ali wamng'ono.