Nyumba ya Whitney ndi Mayina Amene Anabwerera

M'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, pakati pa mizinda ya New Orleans ndi Baton Rouge m'chigawo cha Louisiana ku America, mwandandalika nyumba zakale za eni minda ya nzimbe. Zambiri zinakonzedwa mwaluso, ndipo alendo amalipira ndalama kuti akaone makonde ake aatali, mipando yamakedzana ndi mitengo ikuluikulu ya m'njira yolowera. Kwina amachitirako maukwati. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo kwa zaka zambiri alendo ankangoonetsedwa khungu la mkuyuwo. Lero tikambe za nyumba imodzi, ya Whitney, kumene oikonza anasankha kuubenthula pakati.

Nyumbayi ili ku Wallace, m'boma la St. John the Baptist, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchokera ku New Orleans. Mu 1752 Mjeremani wina dzina lake Ambroise Heidel anagula malowo nayamba kulima indigo, chomera chopangira utoto wonyikira nsalu. M'kamwa mwa Afalansa amene ankalamulira dzikolo, dzina la banjalo linasanduka Haydel. Mwana wake, Jean Jacques Haydel, ndiye anamangitsa nyumba yaikulu cha m'ma 1790, ndi kuikulitsa patapita zaka zingapo. Zipinda zokhalamo anazikweza m'mwamba chifukwa mtsinjewo umasefukira, ndipo khonde lake ndi lalitali kuti mphepo izidutsa m'nyengo yotentha. Mawu akuti "anamangitsa" ndawasankha dala, pakuti oumba njerwa, ogwetsa mitengo m'madambo ndi opala matabwa anali akapolo.

Nzimbe zinabwera pambuyo pake. Mu 1791 akapolo a ku Saint-Domingue, kumene lero ndi Haiti, anaukira ambuye awo, ndipo dziko limene linkagulitsa shuga wochuluka kuposa ena onse linaleka kutumiza. Mu 1795 Étienne de Boré, mothandizidwa ndi amisiri othawa ku chisumbu chomwecho, anaonetsa kuti shuga wochitira malonda angathe kuphikidwa ku Louisiana. Posakhalitsa eni minda anazula indigo nabzala nzimbe, a Haydel nawonso.

Koma Louisiana si dziko la nzimbe kwenikweni, chifukwa kumagwa chisanu chimene chimaononga mbewuyo ikadali m'munda. Choncho kuyambira Okutobala mpaka kumapeto kwa chaka, ntchito inkayenda usana ndi usiku. Ena ankadula, ena ankatuta pangolo, ena ankalowetsa nzimbe m'makina ofinyira amene ankatha kumeza dzanja la munthu wosinza. Madzi ake ankawira m'miphika ikuluikulu yachitsulo yondondozana, ndipo ankawatunga kuchokera mumphika wina kunka m'unzake mpaka atalimba. Olemba mbiri anapeza kuti m'maboma a nzimbe akapolo omwalira ankaposa obadwa. Boma la America litaletsa kuitanitsa akapolo kunja mu 1808, mipata ya akufa inkadzazidwa ndi anthu ogulidwa ku Virginia ndi Maryland, olekanitsidwa ndi mabanja awo, amene ankadzera pamsika wa New Orleans.

Anthuwo sanangokhala chete. Pa 8 Januwale 1811, kutsidya kwa mtsinje m'boma lomwelo, kapitawo wina amene nayenso anali kapolo, Charles Deslondes, anatsogolera anzake mazanamazana kulowera ku New Orleans. Asilikali ndi eni minda anawagonjetsa m'masiku ochepa. Pafupifupi 95 anaphedwa, ndipo mitu ya ambiri inasomekedwa pamitengo m'mphepete mwa mtsinje kuti otsala aone.

Chuma cha mundawu chinafika pachimake m'manja mwa mayi wamasiye, Marie Azélie Haydel, amene anauyendetsa kuyambira 1840 mpaka imfa yake mu 1860. Anali ndi akapolo oposa 100, ndipo m'chaka chabwino ankapanga shuga wokwana matani pafupifupi 180. Zithunzi zojambulidwa pamakoma ndi kudenga, zimene alendo amazizizwa nazo mpaka lero, anajambulitsa ndi iyeyu. M'nyumba yomweyo munkatumikira mtsikana kapolo dzina lake Anna. Mlongo wake wa mayiyo, Antoine, anamupatsa pakati, ndipo mwanayo, Victor, anabadwa kapolo pakhomo pa azakhali ake. Madzi saiwala khwawa: mwa zidzukulu za Victor munatuluka Sybil Haydel, amene anakwatiwa ndi Ernest Morial, meya woyamba wachikuda wa New Orleans mu 1978, ndipo mwana wawo Marc anakhalanso meya kuyambira 1994 mpaka 2002.

Ufulu unachedwa kufika kuno. Chilengezo cha Abraham Lincoln cha mu 1863 chinapatula dala maboma ena a Louisiana amene anali kale m'manja mwa asilikali ake, ndipo St. John linali limodzi la iwo. Ukapolo unathetsedwa m'malamulo a chigawocho mu 1864. Mu 1867 mundawo unagulidwa ndi Bradish Johnson wa ku New York, amene anautcha Whitney, dzina la mdzukulu wake. Omasulidwa ambiri, posowa malo awoawo, anatsalira m'tinyumba tomwe tija kugwira ntchito ya malipiro ochepa, amene ambiri ankathera kusitolo ya pamunda pomwepo. Zidzukulu zawo zinakhalapo mpaka 1975. M'zaka za m'ma 1970 zomwezo tinyumba tambiri mwa 22 timene tinalipo tinagumulidwa, pamene nyumba yaikulu, ngakhale inali kuvunda, inasiyidwa chilili. Apa mpamene pali phunziro loyamba: nthawi siisankha chosunga, amasankha ndi anthu, ndipo kawirikawiri amasunga za wolemera.

Mu 1990 kampani ya Formosa inagula malowo kuti imangepo fakitale yaikulu. Anthu a m'deralo ndi oteteza chilengedwe anakana, ndipo kampaniyo inabwerera m'mbuyo, koma inali itachititsa kale kafukufuku wozama wa mbiri ya malowo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, loya wachizungu wa ku New Orleans, John Cummings, anagula mundawo pamodzi ndi mabuku a kafukufukuyo. Atawerenga za anthu amene analembedwa m'kaundula wa chuma, aliyense ndi mtengo wake, cholinga chake chinasintha. Anagwiritsa ntchito madola oposa 8 miliyoni a m'thumba mwake kwa zaka 15, mothandizana ndi katswiri wa mbiri wa ku Senegal, Ibrahima Seck. Malowo anatsegulidwa mu Disembala 2014 ngati malo osungira mbiri ya ukapolo.

Nyumba yaikulu anaikonzadi, pamodzi ndi khitchini yake yakale yoima payokha kuseri. Chimene anasintha ndi mtima wa ulendo. Mlendo amapatsidwa khadi lokhala ndi dzina la munthu amene anali kapolo ali mwana, lochokera m'maumboni amene boma linasonkhanitsa kwa okalamba m'zaka za m'ma 1930. Amalowa m'tchalitchi cha Antioch, chimene anamanga ndi omasulidwa, momwe muli ziboliboli za ana zoumbidwa ndi Woodrow Nash. Pali khoma la mayina oposa 350 a amene anali akapolo pamundapo. Pali bwalo lokumbukira ana 2,200 amene anafera mu ukapolo m'bomalo. Pali makoma ena okhala ndi anthu 107,000 a m'kaundula amene Gwendolyn Midlo Hall anasonkhanitsa kuchokera m'makalata a makhoti ndi a malonda a Louisiana. Pali mitu yadothi yosomekedwa, yokumbutsa za 1811. Pofika kunyumba yaikulu, mlendo amakhala atadziwa kale amene analipira khonde lija. Maukwati sachitika pamalopo.

Mafunso alipo, ndipo ndi oyenera kuwamva. Tchalitchicho anachisamutsa kuchokera kutsidya kwa mtsinje, tinyumba tina tinachokera kuminda ina, ndipo ndende yachitsulo imene imaonetsedwa inapangidwa mu 1868, ukapolo utatha. Okonda kusunga zinthu monga zinalili amati kumeneku ndi kupeka bwalo latsopano. Ena amafunsa chifukwa chake nkhani ya anthu akuda inadikira chikwama cha mzungu. Funso lachiwirili Cummings analiyankha pang'ono mu 2019, pamene anapereka malowo ku bungwe losapanga phindu. Pa loyambalo, maganizo anga ndi akuti woumirira kuonetsa zokhazo zimene zinatsala amathera kuonetsa mipando ya bwana, popeza za kapolo zinali za matabwa wamba ndipo palibe anazisamala. Chofunika nchakuti mlendo auzidwe poyera chimene chinali pamalopo ndi chimene chinabwera.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. M'kaundula wa Hall, pakati pa Abambara, Awolofu ndi Akongo, mulinso Amakua ochokera ku Mozambique, abale a Alomwe. Ndipo kuno kwathu, m'chigwa cha Zambezi, ku Mopeia, Luabo ndi Marromeu, kampani ya Sena Sugar Estates inalemera ndi thukuta la anthu ambiri otengedwa mokakamiza m'nthawi ya Apwitikizi. Tsiku lina wina adzafuna kukonza nyumba za mabwana a m'minda yotere kuti alendo azidzaona. Denga ndi utoto zidzapezeka. Koma mayina a odula nzimbe ali m'mabuku a makampani amene akudyedwa ndi chiswe, ndiponso m'mitu ya agogo amene akutha mmodzimmodzi. Ku Whitney anawapeza chifukwa eni ake ankawalemba ngati katundu. Athuwa tiyenera kuwafunsa kwa okalamba adakali moyo, ndi kuwalemba ngati anthu.