Botolo ndi Lomwe Lija, Fungo Ndiye Lina

Malume anga akhala akugula perefyumu wa mtundu umodzi kuyambira ali mnyamata. Masiku ano akatsegula botolo amangopukusa mutu, ati fungo linathawa. Ndinkaganiza kuti ndi mphuno zaukalamba chabe. Koma malume akunena zoona, ndipo nkhani yake imayambira ku Paris m'chaka cha 1882.

Chaka chimenecho Paul Parquet, wa kampani ya Houbigant, anapanga perefyumu wotchedwa Fougère Royale. Anasakaniza lavenda, ndere zomera pa makungwa a mitengo ya oak, ndi mankhwala otchedwa coumarin, onunkhira ngati udzu womweta umene wayamba kuuma. Coumarin ameneyu sanachokere kumunda ayi. Anali wa m'labotale, ndipo woyamba kumupanga anali William Perkin wa ku England mu 1868. Kasakanizidwe ka Parquet ndi kamene kanabala mtundu wonse wa maperefyumu a amuna: Brut wa 1964, Paco Rabanne pour Homme wa 1973, Azzaro pour Homme wa 1978, Drakkar Noir wa 1982. Fungo lija la bambo amene angometa ndevu kumene, kwakukulu ndi limeneli.

Chogwiriziza zonsezi ndi ndere zija, zimene amazitcha oakmoss ndipo zambiri zimakololedwa kumayiko a ku Balkans. Ndi zimene zimapereka kafungo ka nkhalango mvula itangokata, komanso zimachititsa kuti perefyumu akhalitse pakhungu. Tsoka lake, muli tizinthu tiwiri, atranol ndi chloroatranol, timene timayambitsa ziwengo. Khungu likangodana nato kamodzi, kuyabwa ndi zidzolo zimabwerera nthawi iliyonse munthu akakhudzana nato.

Woyamba kuika malire sanali boma. Mu 1973 makampani eni ake anakhazikitsa bungwe la IFRA, lomwe likulu lake lili ku Geneva, ndipo m'kupita kwa zaka linalamula kuti oakmoss asapitirire 0.1 peresenti mu perefyumu. Kenako European Union inalowererapo. Mu 1995 inaletsa musk ambrette, amene ankatulutsa amuna ena zidzolo kumaso akadzola atameta n'kuyenda padzuwa. Mu 2003 inalamula kuti zinthu 26 zoyambitsa ziwengo zizilembedwa pa katoni. Mu 2017 inaletseratu atranol, chloroatranol ndi mankhwala ena otchedwa Lyral, ndipo pofika Ogasiti 2021 perefyumu wokhala ndi zimenezi sankaloledwanso kugulitsidwa ku mayiko a bungweli. Popeza kampani siingawononge ndalama kupangira dziko lililonse msakanizo wakewake, lamulo la ku Brussels limafika mpaka pa shelefu ya ku Limbe.

Akatswiri osakaniza anachita zimene akanatha. Ena amagwiritsa ntchito oakmoss wochotsedwa tizinthu tiwiri tija, ena amaika wa m'labotale wotchedwa Evernyl. Zimayandikira, koma kulemera kuja kumachepa.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi okonda maperefyumu akale, amene amakamba ngati kuti kale zonse zinali zachilengedwe mpaka anabwera amalamulo kudzaononga. Mtundu umene akuulirawo unabadwira m'labotale! Komanso munthu amene nkhope yake imatupa si wabodza. Ndiponso malamulo si okhawo amasintha fungo. Mtengo wa sandalwood wa ku Mysore, ku India, unasowa chifukwa chodulidwa mopitirira muyezo. Maina ambiri akale anagulitsidwa kwa makampani ena, ndipo mwini watsopano amayamba wawerengera ndalama. Kuloza chala IFRA kumabisa zonsezi, zomwe zimakomera ogulitsa.

Chimene chimandinyansa ine n'chakuti msakanizo umasinthidwa mwakachetechete. Dzina lomwelo, botolo lomwelo, chaka cha kale chomwecho pa zotsatsa malonda. Buku likakonzedwanso amalemba pachikuto, koma perefyumu satero, chifukwa msakanizo wake ndi chinsinsi cha kampani ndipo zambiri zimangobisika m'liwu limodzi loti parfum. Bola a Houbigant: pobwezeretsa Fougère Royale mu 2010 sanabise kuti Rodrigo Flores-Roux wamupanganso mwatsopano.

Otsala ndi aja osaka mabotolo akale pa eBay pa mitengo yoboola m'thumba. Iwonso sapeza fungo lenileni la 1978, chifukwa kafungo ka mandimu kapamwamba kamaonongeka botolo likakhalitsa. Ndere zokha ndi zimene zimapirira pansi pake.